Mmene mungalembetsere dzina la .eth ndi kulisunga kuti lisakupulumukeni

Pa msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga mu Lusaka, pomwe mipando, mabedi ndi mageti zimayalidwa m'mbali mwa tala, pali shedi ya alamu anga. Mng'ono wawo ali pa ntchito ku Johannesburg, ndipo anasiya kupatsira ndalama anthu a mabasi ofikira ku Intercity, masiku ano amatumiza pa foni USDT, ndalama ya pa intaneti (kripto) yomwe mtengo wake umatsatira dola ya ku America. Tsiku lina ndinawapeza alamuwo atakhala pa thabwa la mukwa, utuchi uli mbuu m'mutu, akuwerenga mokweza adiresi yolandirira ndalamazo kuti mng'ono wawo azilemba kutsidyako: "Ziro, ekisi, seveni, efu, si..."

"Alamu, mudzapsa nazo izi," ndinawauza.

"Nanga nditani alamu? Ndikakopera pa WhatsApp ndimaopa kuti yaduka pakati."

Adiresi ya Ethereum, imodzi mwa manetiweki omwe ndalama za kripto zimayendapo, imakhala ndi zilembo ndi manambala 42, kuyambira pa 0x. Mukaphonya chimodzi, mwina waleti, pulogalamu yosungira ndi kutumizira ndalamazi, ikana, mwina ndalama ipita ku adiresi yopanda mwini ndipo siibwerera. Mankhwala ake ndi dzina lothera ndi .eth, lomwe limalembetsedwa ku Ethereum Name Service, mwachidule ENS. Wotumiza amangolemba dzina, waleti n'kupeza yokha adiresi. Kulembetsako sikutenga ola. Chomwe chimagwetsa anthu ndi kusankha dzina losalembeka, kugula ETH, ndalama ya Ethereum, pa netiweki yolakwika, ndi kuiwala kuti dzinali ndi la lendi ndipo kulibe ofesi yokadandaulako likatayika.

## Zofunika musanayambe

- Foni kapena kompyuta yomwe mumagwiritsa ntchito inu nokha. Ya m'kafe kapena yobwereka ayi.
- Batire lodzaza ndi bandulo yokwanira. Onani kaye nthawi yomwe magetsi amazima kwanuko, chifukwa pali gawo lomwe silifuna kudukizidwa.
- Waleti ya Ethereum, monga MetaMask, Rainbow kapena Trust Wallet.
- Pepala, cholembera cha inki, ndi malo ouma obisapo pepalalo.
- ETH yolipirira lendi ya dzina ndi gasi, ndalama yomwe mumalipira kuti chomwe mwatumiza chilembedwe pa Ethereum.
- Mayina atatu omwe mwaganizira, chifukwa loyamba nthawi zambiri mumapeza linatengedwa kale.

Dziwaninso kuti Bank of Zambia inalengeza mu 2018 kuti ndalama za kripto si ndalama zovomerezeka zolipirira m'dziko muno, ndipo wozigwiritsa ntchito amadziikira yekha pachiswe. Ikani ndalama yomwe itatayika simungagone ndi njala.

## 1. Tsimikizani kuti dzina la mtundu uwu ndi lomwe mukufuna

Mayina a pa intaneti omwe tinazolowera, monga a .com, amayang'aniridwa ndi bungwe la ICANN, ndipo a kuno a .zm ndi .co.zm ali m'manja mwa ZICTA. Mayina amenewo amatseguka mu browser iliyonse, amanyamula imelo, ndipo mukaiwala pasiwedi pali kampani yomwe imakuthandizani. Komanso kampani yomweyo, kapena khoti, ikhoza kuliyimitsa dzinalo.

Dzina la .eth limalembedwa pa blockchain ya Ethereum, kaundula wa poyera wosungidwa ndi makompyuta ambiri, osati kampani imodzi. Mwini wake ndi amene ali ndi kiyi ya waleti, basi. Palibe angakulandeni malinga ngati lendi mwalipira, ndipo palibenso angakubwezereni mukataya kiyi. Mukalemba dzina la .eth mu Chrome silitseguka lokha ngati .com, ndipo imelo wamba siyendapo.

Ndiye ngati cholinga chanu ndi tsamba loti makasitomala a ku Woodlands aziona zithunzi za katundu ndi imelo ya kampani yotumizira ma invoice, pitani mukagule .co.zm kapena .com. Ngati cholinga ndi kulandira kripto popanda kuwerengerana zilembo 42, pitirizani kuwerenga. Ambiri amalonda angafune zonse ziwiri. Ndipo dzina la .eth sililowa m'malo mwa kulembetsa bizinesi ku PACRA.

Alipo enanso ogulitsa mayina a pa blockchain, monga Unstoppable Domains omwe amalipiritsa kamodzi kokha. Ine ndikufotokoza za ENS chifukwa ndi yomwe mawaleti ambiri a Ethereum amaizindikira, ndipo dzina lomwe waleti ya wotumiza siliwerenga lilibe phindu kwa inu.

## 2. Sankhani dzina lolembeka pa foni

Apa ndi pomwe pali ntchito yeniyeni, ndipo ndi pomwe anthu amathamangira.

Mtengo umatengera kutalika kwa dzina. Kwa zaka zingapo tsopano, dzina la zilembo zisanu kupita m'mwamba ndi madola 5 pa chaka, la zilembo zinayi ndi madola 160, la zilembo zitatu ndi madola 640. Lochepera zilembo zitatu sililembetsedwa. Mtengowu umawerengedwa m'madola koma umalipidwa mu ETH, ndipo tsamba lolembetsera limakuonetsani ndalama yake musanavomere. Anakonza motero dala kuti anthu asamangounjika mayina afupiafupi osawagwiritsa ntchito. Kwa ife izi n'zabwino, chifukwa mawu a chinenero chathu ndi aatali kale, ndipo ambiri sanatengedwe.

Koma chinenero chomwechi chili ndi misampha yake. Ndikuikeni pa mayeso omwe ndinawaika alamu anga. Imbirani foni munthu wa kwanu ku Chipata ndi wina wa ku Lilongwe, muwatchulire dzinalo kamodzi kokha, ndipo aliyense akulembereni pa meseji. Akalemba mosiyana, dzinalo lisiyeni.

Zomwe zimasiyanitsa kalembedwe ndi izi:

C ndi ch. Amene anaphunzira Cinyanja m'masukulu a ku Zambia amalemba "cakudya", wa ku Malawi amalemba "chakudya". Pa blockchain amenewa ndi mayina awiri osiyana, ndipo akhoza kukhala a anthu awiri osadziwana. Mawu oti chitenge ndiye ali ndi mavuto awiri, chifukwa kutsidya la Mchinji amati chitenje. Mayi wosoka ku Kamwala amene makasitomala ake ali mbali zonse ziwiri apewe mawuwa m'dzina lake, kapena alembetse kalembedwe konse kawiri n'kulozetsa ku adiresi imodzi.

L ndi r. Wina alemba mtendere, wina mtendele. M'kamwa sizisiyana, pa foni zimasiyana.

Kachizindikiro ka m'mwamba, monga mu ng'oma, ng'ombe ndi m'mudzi. Theka la anthu amakasiya polemba meseji, ndipo mafoni amakalemba mosiyanasiyana. Musakaike m'dzina, ndipo ndi bwino kupewa ndi mawu omwe ali nako.

Ŵ wa kadenga. Ndi chilembo chathu ndipo ndimachikonda, koma anthu ochepa okha amadziwa pochipeza pa kiyibodi ya foni.

Pewaninso kamzere kolekanitsa mawu, ndi kusakaniza 0 ndi o kapena 1 ndi l. Zilembo zazikulu musavutike nazo, ENS imazisandutsa zazing'ono zonse.

Alamu anga ankafuna dzina lawo la makolo ndi chaka chobadwa. Ndinawaletsa, ndipo chifukwa chake chili pa gawo 6. Tinagwirizana pa dzina lofotokoza ntchito yawo, la mtundu wa mipandoyolimba.eth: mawu awiri, opanda c, opanda r, oti mwana wa giredi 4 alembe osafunsa kawiri.

Chenjezo: musalembetse dzina la kampani yodziwika poganiza kuti adzakugulani. N'zoona kuti ENS ilibe bwalo lolandira madandaulo a mayina a malonda monga zilili ndi .com, koma inuyo muli ku Lusaka, ndipo malamulo a dziko amakupezani.

### Nanga zoti mayinawa ndi chuma?

Mudzamva anyamata m'magulu a WhatsApp akunena kuti gulani mayina ambiri, mudzalemera. Amatchula 000.eth lomwe linagulidwa ndi 300 ETH mu July 2022, ndipo zimenezo zinachitikadi. Nthawi imeneyo anthu anapenga ndi mayina a manambala atatu ndi anayi. Chomwe satchula n'choti mayina a manambala atatu alipo 1,000 okha pa dziko lonse, pomwe mayina a mawu alibe malire, ndipo ochuluka omwe analembetsedwa nthawi ya chipwirikiti ija anangosiyidwa osalipiridwanso. Dzina lililonse lomwe mwasunga limadya lendi chaka ndi chaka. Ine ndimati phindu la dzina lili pa anthu omwe amalidziwa pamtima n'kumatumizirapo ndalama. Lembetsani limodzi, likachuluka awiri, ndipo muligwiritse ntchito.

## 3. Tsegulani waleti ndi kulemba mawu achinsinsi

Tsitsani waleti ku Play Store kapena App Store, ndipo onetsetsani dzina la kampani yomwe inaipanga, chifukwa zonamizira ziliko. Ikatseguka idzakuonetsani mawu a Chingerezi 12, mawaleti ena 24. Mawu amenewa ndiwo kiyi. Amene wawaona ali ndi ndalama zanu ndi dzina lanu lomwe, ngakhale foni ili m'thumba mwanu.

Alembeni pa pepala motsatana ndi manambala ake, muwerengenso kawiri. Lembani mapepala awiri, lina likhale kunyumba, lina kwina komwe mvula ya Januwale singafike. Amene amakhala ku Kanyama kapena ku Chawama akudziwa zomwe madzi amachita ndi katundu wa pansi pa bedi.

Chenjezo: musajambule mawuwa pa sikirini, musawatumize pa WhatsApp ngakhale kwa inu nokha, musawasunge mu imelo. Foni ikawonongeka n'kupita kwa okonza ku Town Centre, zithunzi zonse zimakhala m'manja mwa munthu wina. Ndipo palibe wa ENS kapena wa MetaMask amene adzakupempheni mawuwa. Wowapempha ndi wakuba, ngakhale alankhule mwaulemu chotani.

## 4. Gulani ETH pa netiweki yoyenera

Ambiri kuno amagula pa misika ya P2P, pomwe mumagula kwa munthu mnzanu kudzera pa pulogalamu, kulipira ndi Airtel Money kapena MTN MoMo. Sankhani wogulitsa amene wachita malonda ambiri, ndipo zokambirana zonse zikhale m'kati mwa pulogalamuyo. Akakuuzani kuti tiyeni timalizire pa WhatsApp, musiyeni.

Potumiza ETH kuchoka kumsikako kupita ku waleti yanu, adzakufunsani netiweki. Pamndandanda pamakhala Ethereum, yomwe ena amalemba ERC20, ndiye BNB Smart Chain, Arbitrum, Base ndi ena. Enawo amaoneka otchipa ndipo dzanja limathamangira komweko. Sankhani Ethereum. Mukasankha ina, ndalama ifika koma tsamba lolembetsera lidzakuuzani kuti mulibe kanthu, ndipo kuibweza kudzakudyerani ina.

Gulani yopitirira mtengo wa dzina. Chilichonse chomwe mumalemba pa blockchain chimalipira gasi, ndipo mtengo wa gasi umakwera ndi kutsika malinga ndi kuchuluka kwa anthu pa nthawiyo. Masiku abata umakhala wochepa kwambiri, koma mu 2021 unkaposa mtengo wa dzina kangapo. Tsamba la Etherscan lili ndi gawo loonetsa mtengo wa gasi pa mphindi imeneyo. Kawirikawiri umatsika m'mawa kuno, a ku America akadali mtulo, komanso Loweruka ndi Lamlungu. Musaike USDT yokhayokha m'waleti n'kuganiza kuti mwakonzeka, gasi amafuna ETH.

## 5. Lembetsani dzina

Lembani nokha adiresi iyi mu browser ya m'kati mwa waleti: app.ens.domains. Musadine zotsatsa zomwe zimabwera pamwamba mukafufuza pa Google, akuba amagula malo amenewo n'kuikapo masamba ofanana ndi enieni.

1. Dinani Connect ndi kuvomera kuti waleti ilumikizidwe.
2. Lembani dzina lanu. Likalembedwa kuti Available ndiye kuti lilibe mwini.
3. Sankhani zaka. Ngati thumba likulola, lipirani zitatu kapena zisanu nthawi imodzi. Gasi mulipira kamodzi m'malo mwa chaka chilichonse, ndipo mwachepetsa mpata woiwala.
4. Vomerani kulipira koyamba. Apa mukulipira gasi yekha, dzina simunalitenge.
5. Dikirani masekondi 60.
6. Vomerani kulipira kwachiwiri. Apa ndi pomwe lendi imachoka ndipo dzina limakhala lanu.

Kudikira kwa mphindi imodziku kuli ndi chifukwa. Zonse zotumizidwa ku Ethereum zimaonekera poyera zisanalembedwe, ndiye pakanakhala kulipira kumodzi kokha, makina a anthu ena akanaona dzina lomwe mukufuna n'kukudumphani. Kulipira koyamba kumatumiza dzinalo litabisika, kwachiwiri kumaliulula nthawi yoti wina akulandeni itadutsa.

Chenjezo: apa ndi pomwe alamu anga anagwa ulendo woyamba. Atalipira koyamba kunabwera kasitomala wofuna bedi, iwo n'kuika foni m'thumba poganiza kuti zatheka. Patapita masiku awiri anapeza dzina likadali Available. Kulipira kwachiwiri kuyenera kuchitika pasanathe maola 24, pa foni yomweyo ndi browser yomweyo, musanafufute kalikonse, chifukwa chinsinsi chobisira dzina chija chimasungidwa mmenemo. Anayambiranso, gasi woyamba uja anapita. Mwayi wake palibe anali atalitenga.

## 6. Lozetsani dzina komwe ndalama zizifikira

Dzina palokha ndi chikwangwani chabe. Muyenera kuliuza komwe liloze. Tsegulani dzina lanu pa tsamba lomwelo, muone gawo la Records. Pa ETH payenera kukhala adiresi yomwe mukufuna kuti ndalama zizifikira. Mukhoza kuikanso adiresi ya Bitcoin ndi ya ndalama zina, tsamba lanu la pa intaneti, ndi chithunzi. Sinthani zonse nthawi imodzi, chifukwa kusunga kulikonse kumadya gasi.

Kenako liikeni kukhala Primary Name. Izi zimachititsa kuti mapulogalamu omwe amazindikira ENS azionetsa dzina lanu m'malo mwa 0x uja.

Tsopano nkhani yomwe ndinawakaniza nayo alamu anga dzina la makolo. Aliyense amene akudziwa dzina lanu la .eth akhoza kulilemba pa Etherscan n'kuona ndalama zonse zomwe zili pa adiresiyo, zomwe zinalowa, zomwe zinatuluka, tsiku ndi ola. Yesani nokha ndi vitalik.eth, dzina la Vitalik Buterin, mmodzi mwa omwe anayambitsa Ethereum, muone mmene zonse zilili pambalambanda. Ndiye taganizani dzina lanu lenileni litalembedwa pa chikwangwani cha shopu ku Soweto Market, wodutsa aliyense n'kumatha kuona kuti dzulo mwalandira madola 800. Si akuba okha, ngakhale achibale adzadziwa tsiku lobwera kudzakuonani.

Chitani izi. Khalani ndi maadiresi awiri osachepera. Ina ikhale yolandirira, yomwe dzina likuloza, ndipo isamagone ndi ndalama zambiri. Ina ikhale yosungira, yomwe simupatsa munthu. Dziwani kuti mukasamutsa ndalama mwachindunji kuchoka pa yoyamba kupita pa yachiwiri, wofufuza amaona njirayo, choncho kubisika kwake n'kwa pang'ono chabe. Nambala ya foni ndi komwe mumakhala musaziike mu Records. Zolembedwa pa blockchain mukhoza kuzisintha, koma zakalezo zimatsalabe m'mbiri.

ENS imasiyanitsanso maudindo awiri. Owner ndi mwini, amene angagulitse kapena kusamutsa dzina. Manager ndi kapitawo, amene amasintha Records koma sangagulitse. Dzina likayamba kukubweretserani ndalama zenizeni, samutsirani umwini ku waleti yomwe simuyenda nayo m'minibasi, makamaka kachipangizo kosungira makiyi monga Ledger kapena Trezor, ndipo waleti ya pa foni itsale ndi ukapitawo. Wina akadzalowa m'waleti ya pa foniyo, mwini amatha kuchotsa kapitawoyo n'kuika wina.

Ngati muli ndi nthambi kapena ana ogwira nawo ntchito, simufunika kugula mayina ena. Pansi pa dzina lanu mukhoza kupanga ang'onoang'ono, monga matero.mipandoyolimba.eth, lililonse ndi adiresi yake. Amenewa salipira lendi ku ENS, gasi yekha, koma moyo wawo uli pa dzina lalikulu. Likatha ilo, onse ali pangozi.

## 7. Yesani ndi ndalama yochepa

Musanalengeze dzina, pemphani amene azikutumizirani kuti alembe dzinalo m'waleti yake. Pansi pake padzaoneka adiresi. Muwerengerane zilembo zisanu ndi chimodzi zoyamba ndi zisanu ndi chimodzi zomaliza, kenako atumize dola imodzi kapena ziwiri. Ikafika, mwatha.

Chenjezo: dzina silisankha netiweki. USDT yomwe anthu ambiri kuno amatumizirana imayenda pa Tron, yomwe imalembedwa TRC20, ndipo maadiresi ake amayamba ndi T. Imeneyo ndi njira ina, yosiyana ndi adiresi ya 0x yomwe dzina lanu likuloza. Muuzeni wotumiza momveka kuti ndi USDT ya pa Ethereum. Komanso si misika yonse ya kripto yomwe imalandira dzina la .eth pa bokosi lotumizira. Ikakana, wotumizayo alembe dzinalo pa app.ens.domains, akopere adiresi kuchokera pamenepo. Ngakhale apo dzina lathandiza, chifukwa adiresi waitenga pa gwero, osati pa meseji yomwe yadutsa m'manja ambiri.

## 8. Ngati mukufuna tsamba pa dzinali

Gawo ili ambiri akhoza kulidumpha. Dzina la .eth likhoza kuloza tsamba losungidwa pa IPFS, njira yosungira mafayilo pa makompyuta ambiri olumikizana. Mumakweza foda ya tsamba lanu ku kampani yosunga mafayilo a IPFS monga Pinata, imakupatsani nambala yaitali yotchedwa CID, yoyamba ndi Qm kapena bafy, ndipo mumaiika pa Content Hash mu Records, kutsogolo kwake mutalemba ipfs://. Browser ya Brave imatha kutsegula mayina a .eth, ndipo pa ma browser ena onse mumawonjezera .limo kumapeto, monga vitalik.eth.limo.

Limagwira bwino pa tsamba losasinthasintha: dzina la bizinesi, zithunzi zochepa, njira yokupezerani. Mukasintha ngakhale chilembo chimodzi CID imasintha, ndipo kuika yatsopano kumafuna gasi. Mitengo ya katundu yomwe imasintha dola ikangogwedezeka musaiike pamenepo.

## 9. Lembani tsiku lomwe lendi ikutha

Palibe adzakuimbireni foni. Tsiku lotha limaoneka pa tsamba la dzina lanu. Lilembeni pa kalendala ya foni, komanso pa pepala lomwe mumaliona, ngakhale m'buku la ngongole za makasitomala.

Tsikulo likadutsa muli ndi masiku 90 achisomo oti mulipire dzina likadali lanu. Akatha amenewo, dzina limapita pa msika. Limayamba ndi mtengo woonjezera wa madola 100 miliyoni womwe umatsika mofulumira kwa masiku 21 mpaka kufika pa ziro, ndipo aliyense akhoza kuligula pa mtengo womwe waufikira. Anakonza motero kuti makina asamatole mayina pa sekondi yomwe amasulidwa. Kwa inu tanthauzo lake n'loopsa: amene watenga dzina lanu amaliloza ku adiresi yake, ndipo mng'ono wanu ku Johannesburg, amene sakudziwa kanthu, apitiriza kutumiza ku dzina lomwe analizolowera.

Kulipira n'kosavuta, mumadina Extend. Ndipo munthu aliyense akhoza kulipirira dzina la mnzake popanda kulitenga. Ngati mwadwala kapena mulibe ETH mwezi umenewo, m'bale wanu akhoza kukulipirirani kuchokera pa waleti yake, osafuna mawu anu achinsinsi.

Ganiziraninso za tsiku lomwe simudzakhalapo. Kalata ya khoti yoyendetsera chuma cha masiye imatsegula akaunti ya ku banki, koma waleti siitsegula. Pakhale munthu mmodzi wokhulupirika amene akudziwa komwe pepala lija lili ndi ntchito yake.

## Zolakwika zomwe ndimaziona kawirikawiri

Kukhulupirira meseji yoti dzina lanu likutha. Imabwera pa imelo, pa Telegram kapena pa X, ndi linki yoti mudine msanga. Tsamba lake limafanana ndi lenileni, ndipo mukavomera zomwe waleti yakufunsani mwapereka dzina kapena ndalama. Tsiku lotha lioneni nokha pa app.ens.domains.

Kuvomera osawerenga. Waleti ikakuonetsani mawu oti Set Approval For All pa tsamba lomwe simukulidziwa, kanani. Dzina la .eth limasungidwa ngati NFT, chizindikiro cha umwini chomwe chimakhala m'waleti, ndipo chilolezo chimenecho chimapatsa wina mphamvu yolisamutsa.

Kukopera adiresi kuchokera m'mbiri ya waleti. Akuba amakutumizirani kandalama kochepetsetsa kuchokera ku adiresi yomwe imayamba ndi kutha mofanana ndi ya mnzanu, kuti tsiku lina mudzakopere yawoyo. Lembani dzina la .eth la mnzanuyo ndi zala zanu.

Kukopera dzina lomwe mwatumiziridwa ndi mlendo. Mu zilembo za Chirasha muli a, e ndi o zooneka ndendende ngati zathu. Dzina likhoza kuoneka lolondola m'maso koma lili la munthu wina. Apanso mankhwala ndi kulemba nokha.

Kusintha waleti n'kuiwala Records. Mwagula foni yatsopano, mwatsegula waleti yatsopano ndi mawu ena, koma dzina likulozabe ku adiresi yakale. Ndalama zizipita komweko, ndipo ngati pepala la waleti yakale munataya, simudzazionanso. Pa foni yatsopano bwezeretsani waleti yakale ndi mawu ake aja, musatsegule ina.

Kutuma mnyamata wodziwa makompyuta kuti akulembetsereni pa waleti yake. Izi ndaziona kawiri, ndipo konse kawiri panalibe chinyengo poyamba. Koma pa blockchain mwini ndi iyeyo. Akasamukira ku Kitwe, mukayambana, kapena akataya foni, dzina lapita naye. Akuthandizeni atakhala pambali panu, foni ili m'manja mwanu, ndipo pofika polemba mawu achinsinsi atembenuke ayang'ane kumbali. Ngati zinachitika kale, mupempheni lero asamutsire Owner ndi Manager ku adiresi yanu, kenako mutsegule dzinalo pa tsamba la ENS muone ndi maso anu kuti mizere yonse iwiri ikuonetsa adiresi yanu, ndiponso kuti adiresi ya ETH mu Records ndi yanu.